Tsiku Limene Phungu Anabwera Kudzatikwatitsa

Ine ndinakwatiwa ku Malawi, kukampu ya anthu othawa nkhondo, popanda ngakhale nkhuku yophedwa. Mwamunayo ndinakumana naye pamzere wa pamjigo. Iye kwawo ndi cha ku Amaramba, ine kwathu ndi kufupi ndi Chiuta, ndipo nkhondo ikanapanda kutithamangitsa sitikanaonana mpaka kufa. Anandisenzetsa ndowa kangapo, ine ndikumuyankha mwamwano monga mwa chibadwa changa, iye osapsa mtima. Munthu wosapsa mtima amatopetsa, mapeto ake ndinangovomera. Amayi anali atamwalira konko, abale anga atabalalika, choncho amene anaima ngati nkhoswe anali bambo wina woyandikana nafe, wa ku Milanje, wosadziwa n'komwe kuti ndine wa kwa yani. Anatilangiza kuti tisamamenyane, tinadya nyemba za chithandizo, ukwati n'kukhala womwewo.

Mtendere utabwera tinakwera magalimoto obwerera kwathu, ine ndili ndi mwana wamkazi kumbuyo. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kumudzi kwa mkazi, ndipo munda amapatsidwa ndi mwini mbumba. Mwini mbumba wathu anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Iwo sanawoloke malire. Zaka zonse za nkhondo anabisala ku Kuwamba, komwe anaphunzira kukonza njinga ndi Chipwitikizi cha pamsika. Anali munthu wamfupi wa mawu aakulu, wogula nsomba zouma kunyanja n'kumakagulitsa ku Insaka. Njinga yawo ankaipukuta m'mawa uliwonse eni ake asanasukusule.

Ine anandilandira ndi misozi. Mwana anamunyamula, kumununkhiza pamutu, n'kunena kuti mphuno ndi ya mlongo wawo. Koma mwamuna wanga ankangomutchula kuti mlendo. "Mlendo wadya?" "Umuuze mlendo abwere adzandigwirire gudumu ili." Nditafunsa za munda, anayankha akumanga sipoko, osandiyang'ana.

"Munda timapatsa mkamwini. Uyu anabwera ndi ndani? Ndani anamuona akulowa m'mudzi muno? Ukwati wa kukampu ndi wa kukampu. Dikira, zinthu zikhale kaye bwino."

Chodabwitsa n'chakuti mlendoyo ntchito sinkamusowa. Denga la atsibweni anafolera ndi iye. Nkhokwe anamanga ndi iye. M'munda mwawo, momwe tchire la nkhondo linali litamera mpaka mitengo, zitsa anazula ndi iye. Mvula imodzi inagwa n'kutha ife tikudya za m'nkhokwe ya eni, ndipo ndikakumbutsa atsibweni ankangoti dikira. Mitengo itayamba kuphuka, mwamuna wanga anandiitana tsiku lina akusema mpini kuseri kwa nyumba.

"Amake mwana, mvula ikagwa ine ndilibe pobzala, ndibwerera ku Malawi, kumaesiteti a fodya. Sindingakalambe ndikudyetsedwa."

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa. Amuna opita kuesiteti ndinkawadziwa. Amachoka akulumbira kuti abwera fodya akagulitsidwa, kenako umangomva kuti kumeneko kuli mwana wofanana ndi wako. Ndinachita mantha enieni, oposa a tsiku lija tinkawoloka dambo pothawa.

Nkhani yabwino inabwera ndi mnzanga wokazinga mandasi, amene tinali limodzi kukampu. Ali mtsikana anasesako m'sitolo ina ku Insaka, choncho pakati pa ife obwerera iye ndiye anali mwini Chipwitikizi. Ife enafe makutu anali atazolowera za ku Malawi. Ana athu ankati sukulu pomwe anzawo akuti esikola, ndipo mawu a boma lathu lomwe tinkangowavala ngati nsapato zobwereka. Mnzangayo anafika akuthamanga, manja ali mafuta okhaokha.

"Wamva? Sekeretariyo, mlembi wa dera lathu uja, walengeza pamsika. Loweruka kukubwera deputado, phungu wathu wa ku Maputo, pa esikola. Akuti akubwera ndi kazamentu!"

Liwu limenelo lokha ndinkalidziwa. Kazamentu ndi ukwati.

"Kazamentu wa ndani?"

"Wa boma, wa chaka chino. Akuti mabanja onse abwere, amuna ndi akazi omwe. Iwe sukuona? Boma ladziwa kuti ambiri tinakwatirana kutchire popanda ankhoswe. Likubwera kudzakonza."

Musandiseke msanga. Masiku amenewo boma linkabweradi ndi zinthu zosayembekezeka. Lero katemera wa ana, mawa makasu ndi mbewu, mkucha makadi oponyera voti. Ngati linkakonza milatho ndi zipatala zimene nkhondo inaphwanya, maukwati akanalikanika bwanji? Ine ndinaona kuti Mulungu wandiyankha kudzera ku Maputo. Ukwati womangidwa ndi boma, pamaso pa mudzi wonse, atsibweni sakanautchulanso kuti wa kukampu.

Ndinapita kukawauza ndili chimwemwe chodzaza tsaya, ndi kamwano pang'ono.

"Poti inu mukuti dikira, boma likubwera Loweruka kudzatikwatitsa."

Atsibweni anasiya kupopa njinga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mlomo wam'munsi ukunjenjemera.

"Boma? Wanena ndani?"

Ndinawauza. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Pitani ndithu. Muvale bwino."

Ndikanayenera kukayika pomwepo. Atsibweni sanavomerepo chinthu msanga chibadwire chawo.

Mbiri inayenda m'midzi kuposa moto wa lupsa. Mabanja ena omangidwa kukampu anayamba kuchapa zovala. Anzathu achisilamu a kugombe anati awo anamanga kale ashehe, koma abwera kudzaonerera. Nkhalamba ina ndi akazi awo, anthu a zidzukulu, anati nawonso akufuna wa boma chifukwa mwina pakhala bulangete. Ine ndinabwereka nsalu ya kapulana yatsopano, yofiira ndi yachikasu, yonunkhirabe sitolo. Mwamuna wanga tinamupezera jekete kwa akatekisiti, manja ake akuthera pakati pa mkono, ndi nsapato zimene zinkalira akamayenda. Tambala ndi msoti, zimene ankhoswe amasinthana pa mwambo wathu, ndinaziika m'dengu. Sindinkadziwa ngati boma limazifuna, koma sindinafune kuti likandibweze chifukwa cha nkhuku.

"Kodi mwafunsa bwinobwino?" anatero mwamuna wanga akudziyang'ana manja.

"Inu mukufuna ukwati kapena esiteti?"

Anavala jekete lija.

Sukulu yathu inali ndi makoma koma denga theka, choncho mabenchi anawaika pansi pa mitengo ya mango. Mnzanga wa mandasi ndiye anali wokonza mwambo. Ife akwati anatikhazika pabenchi lakutsogolo, mwamuna ndi mkazi wake, mwamuna ndi mkazi wake, kumbuyo kwathu n'kuikako amayi a nthungululu. Atsibweni anaima chapatali, atatsamira njinga yawo.

Phungu anafika dzuwa litapendeka, buluku lili matope mpaka m'mawondo. Galimoto yake inali itatitimira pamtsinje pomwe mlatho unagwetsedwa, ndipo anathandiza yekha kukankha. Anali munthu wowonda, wa mandala, wolankhula Chinyanja chopendekera ku Chimakuwa, chothira Chipwitikizi apa ndi apo. Ana a sukulu ataimba, anaimirira n'kutipatsa moni.

"Abale anga, ndabwera kudzakufotokozerani za orusamentu wa chaka chino."

Nthungululu zimene zinalira pamenepo mbalame zinathawa m'mitengo. Mnzanga anavina mpaka kutsogolo. Phungu anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuseka.

"Ndayenda m'maboma ambiri, koma anthu okondwera ndi orusamentu ngati inu sindinawaonepo."

Ndiye anayamba. Anafotokoza kumene ndalama za boma zimachokera. Anatchula imposito, msonkho wa munthu wamkulu aliyense, wa ogulitsa pamsika, wa njinga. Atangoti msonkho, tambala wanga analira m'dengu, anthu n'kuseka, ine n'kumuphimba ndi nsalu. Anati kunyumba ya malamulo anakangana kwambiri pogawa zochepa zimene zinalipo, chifukwa dziko lonse linali ndi mabala. Ife anatiikira malata a sukulu, namwino wa pachipatala chaching'ono, ndi mlatho umene unamudetsa buluku. Msewu wa kunyanja anati tisaudikire chaka chimenecho, ndipo sanafune kutinamiza. Anayamikira midzi imene inkaumba njerwa za sukulu popanda malipiro. Anayamikiranso timu ya mpira ya anyamata otula mfuti, amene dzana lomweli ankasakana m'tchire koma tsopano ankapatsirana mpira, ngakhale zigoli zinkawavutabe.

Ife pabenchi tinangokhala phee, misana chilili. Ine ndinkati zili ngati kutchalitchi, ulaliki kaye, ukwati pambuyo. Thukuta linkayenderera m'khosi mwa mwamuna wanga. Nkhalamba ya bulangete ija inagona tulo, mutu uli paphewa la mkwatibwi wake.

Itafika nthawi ya mafunso, woyamba kuimirira anali atsibweni. Nkhani ya msonkho wa njinga anali ataisunga pamtima kuyambira kale.

"Bwana deputado, inu mumatenga msonkho wa njinga chaka ndi chaka. Njinga yangayi imayenda pamsewu uti? Pamtsinje pomwe mwatitimira inupo, ine ndimachita kuisenza pamutu. Ndiye akukwera mnzake ndani? Ine ndimadziwa kuti wolandira amabweza kanthu. Kudya thukuta la munthu osamuonetsa chimene wapindula ndi kuba, kungoti wakubayo wavala taye."

Anthu anaomba m'manja. Phungu sanakwiye. Anati mawuwo ndi oona, ndipo akawanena kumene akupita momwe awamvera. Atsibweni anabwerera kunjinga yawo akuyenda ngati apha mkango.

Mafunso ena anadutsa, a mjigo, a mtengo wa chimanga. Kenako ndinaona phungu akuthokoza anthu, woyendetsa galimoto akuyamba kupukuta galasi. Ndinayang'ana mnzanga, iye n'kuyang'ana kumwamba. Ndinaimirira, dengu lili m'manja.

"Pepani bwana. Nanga kazamentu?"

"Kazamentu wa ndani, mayi?"

"Wathu. Wa boma uja mwabwera nawo."

Sekeretariyo anawerama n'kumunong'oneza. Phungu anavula mandala, n'kuyang'ana benchi lathu kuyambira uku mpaka uko, majekete obwereka, makapulana atsopano, mutu wa tambala utatulukira pansalu. Ndinaona akulimbana ndi pakamwa pake.

"Orusamentu, mayi. O-ru-sa-me-ntu. Kagawidwe ka ndalama za boma."

Mphunzitsi wina amene anabwerera nafe limodzi anafuula kumbuyo. "Akunena bajeti!"

"Ooo, bajeti!" Tonse a ku Malawi tinayankhira pamodzi ngati kwaya. Liwu limenelo tinkalimva pa wailesi chaka chilichonse. Akanangonena choncho poyamba, akatekisiti sakanavula jekete lawo.

Phwando la kuseka limene linagwa pamenepo silinachitikenso m'dera lathu. Asodzi ankagubuduka pansi. Nkhalamba ija inadzidzimuka n'kufunsa ngati mabulangete ayamba kugawidwa. Mnzanga wa mandasi anazimiririka, ndipo mpaka lero amati wolakwa ndi sekeretariyo chifukwa analibe mano akutsogolo. Mwamuna wanga anangoyang'ana nsapato za eni. Ine manyazi anandigwira kuyambira kuphazi, ndipo ndinadziwa kuti kwatha, munthu uyu apita kuesiteti mvula isanagwe n'komwe. Kenako ndinaona atsibweni atagwira pamimba, misozi ya phwete ikutsika, atakumbatira chishalo kuti asagwe. Anadziwa kuyambira tsiku lija. Manyazi onse anasanduka mkwiyo.

Phungu anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Analankhula mwaulemu, ndipo ndimamuthokozabe pa chimenecho.

"Mayi, m'dengu langa muli milatho ndi malata, maukwati mulibe. Unduna umenewo kuno kwathu ndi wa atsibweni. Kodi atsibweni mulibe?"

"Alipo, bwana. Ndi omwe amalankhula za njinga aja."

Mitu yonse inatembenuka. Ine ndinaika dengu pansi n'kugwada, chifukwa ndinaleredwa, koma mawu sindinawagwaditse.

"Atsibweni, mwalankhula bwino lero, tonse taomba m'manja. Mwati wolandira amabweza kanthu. Denga lanu anafolera ndani? Nkhokwe anamanga ndani? Zitsa za m'munda mwanu zinazuka zokha? Njinga mukuti mumaisenza pamutu pamtsinje. Mutu wake wa ndani? Ine ndimaona matope pakhosi la munthu uyu, inu mukuwoloka mutanyamula nsapato. Msonkho wake mwalandira mvula yonse yathayi. Nanga orusamentu wanu uli kuti? Mwamuikira chiyani chaka chino?"

Nthungululu za ulendo uno zinali zodziwa chimene zikulirira. Phungu anakhala pansi n'kuvalanso mandala.

"Funso lovuta kuposa onse a lero ndi limeneli," anatero. "Mwayi wake si langa."

Atsibweni anati nkhani za m'nyumba sitikambira pa esikola. Mayi wina wachikulire wa kugombe, atafunda mpango woyera, anawayankha osadzuka n'komwe pamphasa.

"Che bwana, wayamba ndani? Mlandu mwauzenga nokha, chigamulo mwapereka nokha. Ife tangomva."

Atsibweni anagwira njinga ngati akuchoka. Anaikankha pang'ono, n'kuima, n'kuitembenuza. Anabwera mpaka pabenchi lathu, akupewa maso anga, n'kusuzumira m'dengu.

"Tambalayu ndi wa yani?"

"Ndi wanu, mukamufuna."

Anamutulutsa, kumuyesa kulemera, kudandaula kuti ndi wowonda, n'kumumangirira pakaliyala. Kenako anatembenukira kwa mwamuna wanga.

"Mutumize mawu ku Amaramba. Abwere wamkulu wa kwanu adzatenge msotiwu, tikambirane ngati anthu. Tiyeni mkamwini, mundikankhire njingayi, ine ndatopa."

Mkamwini. Liwulo linatuluka pamaso pa mudzi wonse, pamaso pa boma lomwe, ndipo silikanabwereranso m'kamwa. Kuti linabwera ndi ntchito pamwamba pake, ameneyo ndiye anali atsibweni anga. Mwamuna wanga anakankha njingayo mpaka kunyumba, nsapato zikulira, akumwetulira ngati wapatsidwa galimoto. Phungu anandigwira chanza ponyamuka n'kunena kuti pa misonkhano yake yonse, uwu wokha ndi umene wabala zipatso tsiku lomwelo.

Amalume a mwamuna wanga anabwera kuchokera ku Amaramba mitambo itayamba kusonkhana. Anakambirana, anatenga msoti wawo, tinaphika, anthu anavina, ndipo mnzanga anabweretsa mandasi aulere kuti tiiwale. M'mawa mwake atsibweni anatiitana kuti titenge khasu tiwatsate. Njinga anaisiya pakhonde.

Ndinkayesa kuti atidulira kachigawo m'mphepete mwa munda wawo. Koma tinaudutsa, tinadutsanso wa azakhali, n'kutsikira chakudambo, kumene nthaka ndi yakuda. Ataima ndinazindikira malowo. Unali munda wa atsibweni aang'ono, mng'ono wawo, amene anthu a mfuti anamutenga kuti akawasenzere katundu nkhondo ili pakati. Sanaonekenso. Anthu akafunsa, atsibweni ankayankha kuti akubwera, ndipo tonse tinaphunzira kusafunsa.

Minda yosiyidwa yonse inali tchire, koma uwu unali woyera. Zitsamba zinali zosadzidwa, m'malire molambulidwa kuti moto usalowe. Munalibe phesi ngakhale limodzi. Munthu ankabwera kuno yekha kudzausamala, osabzalamo kanthu.

"Za ukwati wako amayenera kuyendetsa ndi iyeyu," anatero atsibweni, mawu aakulu aja atachepa. "Wamng'ono ndiye amathamangathamanga, kulandira alendo, kuonetsa mkamwini munda. Ine wamkulu ndimangomva. Ndinkati abwere kaye, asadzapeze ndamulanda ntchito."

Kenako anayenda ndi mwamuna wanga kumuonetsa malire, kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa mkuyu, n'kutsikira kumadzi. Atabwerera anaima pafupi nane, akuyang'ana kudambo.

"Limani. Chimanga chake chimachita bwino chakumunsiku."

Anatembenuka n'kuyamba kukwera mtunda okha, osacheuka. Mlandu ndinali nditawina, mwamuna wanga sankapitanso kulikonse, ndipo ndinali wokondwa. Koma ndinakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza, chifukwa atsibweni aang'ono maliro ena sanakhale nawo, maliro awo anali omwewo. Mwamuna wanga anavula chipewa n'kuima nthawi yaitali asanaponye khasu loyamba.